Fainala Afuna Nambala Yakeyake ya Msonkho

"Kasokedwe kanu takakonda, mayi. Koma popanda nambala ya msonkho ndi chikalata chake, ntchitoyi sitingakupatseni."

Amene ankayankhula choncho anali msungichuma wa sukulu ina ya sekondale yoyima payokha, kufupi ndi pa Santhe. Patebulo pake panali malaya oyera ndi siketi yobiriwira zimene Fainala anabweretsa ngati chitsanzo. Bamboyo anali atazitembenuza uku ndi uku, kukoka misoko, kugwedeza mabatani, koma polakwika sanapapeze. Sukuluyo inkafuna telala mmodzi woti asoke yunifolomu za ana onse chaka chatsopano cha maphunziro chisanayambe.

Fainala anali telala wa pakhonde la golosale ina pamsika wa Santhe. Anayamba kupalasa makina mwana wake woyamba, Chikhumbo, ali kumsana, ndipo tsopano Chikhumboyo anali atamuposa msinkhu. Zaka zonsezo ankasoka zigamba, kufupikitsa mathalauza a kaunjika ndi kusoka mabulauzi a amayi a chigwirizano. Ntchito yaikulu ngati iyi inali isanamugwerepo.

"Nambala ilipo, bambo," anatero Fainala. "Ili ndi amuna anga. Ife msonkho timapereka pamodzi."

"Ndiye palibe vuto. Bweretsani nambalayo, komanso chikalata cha ku ofesi ya msonkho chosonyeza kuti zonse zili bwino. Komiti yathu ikumana mwezi uno usanathe. Musachedwe, alipo enanso akuifuna."

Fainala anabwerera kumudzi mtima uli m'mwamba. Panjira ankaona kale m'maganizo makina achiwiri ndi kashopu kakekake kokhala ndi chitseko, koti mvula ikamabwera asamathamange ndi nsalu za anthu pamutu.

Inali nyengo yosankha fodya. Fainala anapeza mwamuna wake, Levison, m'chigafa cha fodya atakhala pachiguduli, masamba atamuzungulira mbali zonse.

"Bambo a Chikhumbo, mwayi watigwera! A kusukulu akonda kasokedwe kanga. Angofuna nambala yathu ya msonkho ndi chikalata cha ku boma basi."

Levison sanatukule mutu. Anatola tsamba limodzi n'kuliyang'ana nthawi yaitali ngati fodya ankamuona koyamba tsiku limenelo.

"Anthu a masukuluwa ndi ovuta," anatero. "Mudzasoka mpaka msana kuthyoka, pokulipirani azidzakuzungulitsani. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Bwanji osangosunga makasitomala anu a pakhonde?"

"Ine ndapempha nambala, bambo a Chikhumbo. Malangizowo mudzandipatsa ntchito ili m'manja."

Za nambalayi zinayamba kale. Chaka chimene Levison anakuza munda wa fodya n'kugula ngolo, anapita ku boma kukalembetsa za msonkho. Atabwerako anauza mkazi wake kuti walembetsa zonse, fodya, ngolo ndi zosokazo, m'dzina lake. "Banja ndi limodzi, thumba ndi limodzi, msonkho ukhalenso umodzi," anatero tsiku limenelo. Fainala anaona kuti ndi mawu abwino, mawu a munthu wokonda banja lake. Sanafunse zambiri. Chaka chilichonse msika wa fodya ukatsekedwa, ankamasula mfundo ya chitenje n'kupatsa mwamuna wake gawo lake la msonkho. Risiti sanayambe waionapo, ndiponso sanayambe waifunsapo.

Levison anazengereza masiku angapo. Lero ati mapepala ali m'sutikesi ya pansi, mawa ati adikire amalize kudinda belo. Fainala ataona kuti mwezi ukutha, anaima pakhomo la chigafa m'mawa wina, atavala kale za paulendo. Levison anausa moyo, nalemba nambalayo pakatoni ka sopo.

"Pitani," anatero. "Koma musakayankhule zambiri kumeneko. Anthu a msonkho amakola munthu ndi pakamwa pake."

Minibasi inamutsitsa pa depoti ya Kasungu dzuwa litakwera, ndipo wa kabaza anamufikitsa ku ofesi ya msonkho. Atadikira pabenchi, anamuitanira patebulo la mayi wina wa magalasi, amene anati dzina lawo ndi mayi Olive. Fainala anafotokoza nkhani yake n'kupereka kakatoni kaja. Mayi Olive analemba nambalayo pakompyuta, nayang'ana, nayang'ananso.

"Inu ndinu a Levison?"

"Ayi, ndine mkazi wawo. Koma msonkhowu ndi wa tonse. Ine ndimasoka, iwo amalima."

"Mayi, nambala iyi ndi ya munthu mmodzi. Dzina lanu palibe pano. Ndipo za m'kati mwa nambala ya munthu sindingauze wina, ngakhale mkazi wake, mwiniwake palibe. Chimene ndingakuuzeni ndi chakuti chikalata chimene mukufunacho sichingatuluke lero. Pali zoti zikonzedwe kaye. Auzeni bambowo abwere."

"Zoti zikonzedwe? Chaka ndi chaka ndimapereka ine!"

"Mumapereka kwa yani?"

Fainala anayang'ana kakatoni ka mwamuna wake kaja. Mayi Olive anatsitsa mawu.

"Pepani mayi. Ngati mukufuna, titha kukulembetsani nambala yanuyanu. Kulembetsa n'kwaulere. Koma poti mwati ntchito yanu yakhala ikuwerengedwa pamodzi ndi ya amuna anu, n'kwabwino mubwere nonse awiri, tione pamene zinthu zaima, musankhe mukudziwa."

Fainala anatuluka. Panja pa ofesi anthu ankadutsa, a kabaza ankaitanira, koma iye ankangomva mawu amodzi m'makutu: dzina lanu palibe. Zaka zonse zopalasa makina, maso kufiira ndi kulowetsa ulusi m'singano, zala kubooka ndi mapini, ku boma kunalibe amene ankadziwa kuti kuli telala dzina lake Fainala.

Anafika kumudzi chakumadzulo, dzuwa lisanalowe. Sanapite kunyumba kukasintha. Analunjika kuchigafa.

"Bambo a Chikhumbo, ndalama zanga za msonkho zinkapita kuti?"

Levison anayang'ana kukhomo kuona ngati pali wina akumva. "Khalani pansi kaye, mayi a Chikhumbo."

"Ndakhala pansi zaka zambiri. Lero ndiyima."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ngati munga wochotsa ndi singano. Levison ankaopa maofesi. Chaka choyamba atapita kukapereka mafomu, anaona mzere, anaona Chingerezi cha pamapepala, mtima unamuthawa. Pafupi ndi depoti anakumana ndi dobadoba wina, mmodzi wa anthu aja amalonjeza kukuyendetsera za m'maofesi iwe utakhala pamthunzi. Munthuyo anali wa taye ndi chikwama chakuda. Analandira ndalama ndi mapepala, nabweza kapepala kodinda chidindo. Zinayenda choncho zaka ziwiri, kenako dobadobayo anasowa ngati mame. Levison anazindikira kuti anamudyera masuku pamutu, koma anachita manyazi kunena, ndipo ku ofesi anaopa kuti akangofika am'manga.

"Nanga atasowa munthuyo, ndalama zimene ndinkakupatsanizo?"

"Zinkalowa ku feteleza. Sindinamwere mowa ine, mayi a Chikhumbo. Zinalowa m'munda mwathu momwemu."

"Mwathu? Munda uli m'dzina lanu. Ngolo ili m'dzina lanu. Makina anga amene anandigulira malemu bambo anga ali m'dzina lanu. Changa n'chiyani pakhomo pano? Thukuta lokha?"

"Musakweze mawu, anthu amva."

"Amve! Chaka ndi chaka mumatambasula dzanja, n'kumati ya msonkho, mukundiyang'ana m'maso. Mukanandipempha ya feteleza ndikanakukanizani? Tiyeni mawa ku boma. Ndikufuna nambala yangayanga."

"Kumeneko ine sindipita," anatero Levison. "Mukufuna akanditsekere, fodya aolere m'chigafa?"

Kutacha nkhani inali itafika kale kwa Feggie, mlongo wake wa Levison, amene nyumba yake inali kuseri kwa khola. Feggie anabwera Fainala akusesa pabwalo. Sanadikire n'kupatsidwa mpando.

"Alamu, ndamva kuti mukufuna kupatukana ndi achimwene."

"Ndani wanena za kupatukana? Ndikufuna nambala ya msonkho ya ntchito yanga."

"Zimayamba choncho. Lero mupatula msonkho, mawa mupatula mphasa. Mkazi wa pabanja nambala yakeyake ya chiyani? Mapanga awiri avumbwitsa, alamu. Kasingano kameneka kakupatsani matama."

Fainala anaimika tsache. "Kasingano kameneka ndi kamene kanasoka diresi ya ukwati wa mwana wanu, osalipira. Tsiku limenelo simunati n'kamatama."

Feggie anachoka akung'ung'udza, ndipo pofika Lamulungu amayi ena kutchalitchi ankamuyang'ana Fainala cham'mbali. Wina anamunong'oneza kuti apirire, banja ndi kupirira. Fainala anangoti zikomo. Mumtima ankadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani wonamizidwa ndiye amauzidwa kupirira, wonamayo ali phee m'chigafa.

Mwezi unatha. Komiti ya sukulu inakumana, ndipo ntchito inapita kwa telala wina wa ku boma amene mapepala ake anali okonzeka. Msungichuma uja anabweretsa yekha malaya ndi siketi zija pakhonde la golosale, zitapindidwa bwino m'jumbo.

"Ndinakumenyerani nkhondo, mayi," anatero. "Koma malamulo athu ndi amenewo."

Fainala analandira ndi manja awiri, nathokoza. Bamboyo atapita, anakhala pamakina osapalasa. Mayi wina anabwera ndi thalauza long'ambika pabondo. Fainala analisoka, misozi ikugwera pachigamba.

Kuyambira tsiku limenelo m'chigafa sanalowemonso. Pakhomo paja aliyense ankadziwa kuti wodziwa kusankha fodya anali Fainala. Maso ake a utelala ankasiyanitsa masamba ofanana mtundu ndi utali mosaphonya, ndipo mabelo a Levison ankayamikiridwa chifukwa cha iyeyo. Tsopano ankaphika, kuchapa, kupita kumsika, kubwerako, koma chigafa ankachilambalala ngati manda.

"Mayi a Chikhumbo, fodya akudikira," anatero Levison tsiku lina.

"Kumene kulibe dzina langa, manja anganso kulibe."

Levison analemba aganyu. Aganyuwo ankafuna kumaliza msanga, ndipo anasakaniza masamba a pansi ndi a pamwamba, owala ndi akuda. Mabelo oyamba atapita ku okushoni, kumsika wa fodya, ena anabwezedwa kuti akasankhidwenso, ena anagulidwa pamtengo wolira nawo. Levison anabwerako nkhope itagwa. Madzulo amenewo chakudya anangochitola pang'ono n'kusamba m'manja. Fainala anaona, ndipo sanakondwere. Fodya ameneyo nayenso anamuthirira kunazale, anamupalira, anamuthyola. Kuluza kwa Levison kunali kuluza kwa ana ake. Koma pakamwa pake sipanatuluke mawu achitonthozo, chifukwa mumtima munali mowawa.

Tsiku la msika Levison anatulukira pakhonde la golosale, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anaima pambali chipewa chili m'manja mpaka kasitomala atachoka.

"Mayi a Chikhumbo, ndinalakwa. Ndakuphonyetsani ntchito, ndadziphonyetsanso ndekha. Tiyeni ku boma kuja. Akandimanga, andimange inu mukuona."

Fainala sanasiye kupalasa. "Ntchito ya kusukulu ibwerera?"

"Siibwerera."

"Chabwino, bola mwadziwa. Tipita Lolemba."

Lolemba anakwera minibasi imodzi, koma njira yonse sanayankhulane. Pakhomo la ofesi Levison anaima ngati ng'ombe yokana kulowa m'dibi. Fainala anadutsa patsogolo, ndipo mwamunayo anatsatira. Mayi Olive anamukumbukira Fainala, nawapatsa mipando onse awiri.

Levison anafotokoza zonse. Anatulutsanso timapepala tija ta dobadoba. Mayi Olive anatiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Izi sizochokera kuno, bambo. Simuli nokha, ambiri apusitsidwa chonchi. Ntchito ya msonkho siyendera munthu wa panjira. Mumabwera nokha, ndipo ngati Chingerezi chavuta, ife tilipo kuti tikuthandizeni m'Chichewa."

"Ndiye mundimanga?"

"Munthu wobwera yekha kudzakonza zinthu timakhala naye pansi, bambo. Zaka zimene simunapereke mafomu tiziwerengera. Chindapusa chikhalapo, sindikunamizani. Koma titha kukambirana kaperekedwe kake. Mapepala amene amakupatsani mukagulitsa fodya mumasunga? Ngati pali msonkho umene unadulidwa kale pogulitsa, umaoneka pamenepo, ndipo timauganizira powerengera."

Levison anakanda m'mutu. Ena anali m'sutikesi, ena ana anakutira makope, ena anayatsira moto.

"Amene alipowo mubweretse, ndipo kuyambira lero musatayenso ngakhale limodzi. Tsopano tikambe za kutsogolo. Inu mayi mukufuna nambala yanu. Inu bambo mukuti bwanji?"

"Ine ndimaona ngati banja likapatula msonkho ndiye kuti chikondi chatha. Kumudzi akutero."

Mayi Olive anaseka pang'ono. "Ine ndili pabanja, bambo. Amuna anga ali ndi nambala yawo, ine yanga, ndipo m'mawa uno tamwera tiyi tebulo limodzi. Ofesi ino siyesa chikondi, imayesa phindu la ntchito. Ndikuuzeni njira zonse ziwiri, musankhe nokha."

Anavula magalasi n'kuwayika patebulo.

"Mabanja ena ntchito yawo ndi imodzi. Munda umodzi, golosale imodzi, onse amagwira momwemo. Amenewo kuyendetsa za msonkho pamodzi kumawapepukira, chifukwa mapepala ndi amodzi, ulendo wa kuno ndi umodzi. Koma pamodzi pamatanthauza kuti onse awiri akudziwa zimene zalembedwa, onse aona risiti. Wina akabisa kapena akalakwitsa, moto umatentha nyumba yonse, monga mwaonera. Chinanso, msonkho umakwera phindu likamakwera, ndipo pali gawo loyamba la phindu la munthu limene silidulidwa msonkho. Mukaunjika phindu la ntchito ziwiri pa dzina la munthu mmodzi, mulu umaoneka waukulu, ndipo mutha kupereka wochuluka kuposa mmene zikanakhalira aliyense akanayimira ntchito yake."

Fainala anamuyang'ana Levison. Levison anayang'ana pansi.

"Nanga payekhapayekha?" anafunsa Fainala.

"Payekhapayekha, aliyense amayankha za ntchito yake. Inu mukasunga bwino mapepala anu, chikalata chanu chimatuluka ngakhale za fodya zitavuta. Mukafuna ntchito ku sukulu, ku esiteti, kapena ngongole ku banki, mbiri yanu imaoneka m'dzina lanu. Koma musaganize kuti n'kopanda mtolo. Muzilemba zimene mwagula ndi zimene mwagulitsa, muzisunga malisiti a nsalu ndi ulusi, muzipereka fomu yanu pa nthawi yake. Mukachedwa, chindapusa ndi chanu, simudzaloza bambowa. Ndipo chenjezo langa ndi ili: kupatula kukhale koona. Musadzatenge mabelo a fodya n'kuwalemba kuti ndi a telala pofuna kuzemba msonkho. Umenewo ndi mlandu."

"Ndiye yabwino ndi iti?" anafunsa Levison.

"Yabwino ndi imene ikugwirizana ndi mmene mumapezera ndalama zanu. Ya aneba anu isakhale yanu chifukwa choti ndi aneba. Malamulo a msonkhonso amasintha, choncho chaka chilichonse muzifunsa musanalembe. Tulukani panja mukambirane, ine ndilipo."

Anakakhala pamthunzi wa mtengo kuseri kwa ofesi.

"Zosoka zikhale zanu," anayamba Levison. "Mwazivutikira nokha."

"Zimenezo sindikupempha, ndi zanga kale," anatero Fainala. "Chimene ndikufuna kumva ndi cha fodya. Fodya timalima tonse. Nambala ikhale yanu yomweyo, sindikukana. Koma pepala lililonse lochokera ku okushoni ndizilionanso ine. Fomu isanapite ku ofesi, tiziwerenga tonse. Ndipo ndalama ya msonkho izikhala ya msonkho, risiti ndiione ndi maso angawa."

"Ndavomera."

"Musavomere chifukwa mabelo abwezedwa."

"Ndavomera chifukwa ndatopa ndi mantha, mayi a Chikhumbo. Zaka zonsezi ndikamva galimoto yaima kumsewu, mtima umati abwera."

Fainala anadzuka n'kusansa fumbi kumsana kwa jekete la mwamuna wake asanalowenso.

Tsiku lomwelo Fainala analembetsa nambala yake. Anapereka chitupa chake cha unzika, nayankha mafunso yekha, nasayina yekha. Mayi Olive atafunsa kuti ntchito yake ndi yanji, anayankha mokweza kuposa mmene ankafunira: "Utelala!" Anthu a pabenchi anatembenuka.

Zotsala za Levison sizinathe ndi kupepesa. Mapepala a fodya amene anapezeka anachepetsako mtolo, koma chindapusa chinalipo ndithu. Kuti ayambe kupereka, anagulitsa ng'ombe imodzi ya pangolo. Tsiku limene ogula anabwera kudzaikoka, Levison anabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo chaka chimenecho manyowa ndi nkhuni anatuta ndi ngolo yobwereka. Feggie sanasiye kuyankhula. Ankauza anthu pachitsime kuti mlamu wake wadyetsa ng'ombe ya achimwene ku boma. Fainala anasiya kumuyankha.

M'chigafa anabwereramo, nasankhanso mabelo obwezedwa aja, ndipo ulendo wachiwiri anadutsa. Sukulu itatsegulidwa, ana ovala malaya oyera ndi masiketi obiriwira ankadutsa pakhonde la golosale m'mawa uliwonse. Fainala ankaona mipendero yokhota ndi makolala otukuka mbali imodzi. Ena mwa anawo ankabwera kwa iye yemweyo kuti awakonzere. Ankakonza, n'kulemba m'buku lake la ntchito.

Mvula itayandikira, esiteti ina ya fodya inafuna maovolosi a antchito ake. Ntchitoyo inali yocheperapo kuyerekeza ndi ya kusukulu, koma mapepala a Fainala anali okonzeka, ndipo anaipeza. Itatha imeneyo, kwaya ya tchalitchi china cha ku Kaomba inamva mbiri yake n'kubweretsa nsalu zawo. Chaka chisanathe, dzina la Fainala linali kudziwika kupitirira msika wa Santhe.

Nyengo yopereka mafomu itakwananso, Levison anayala mkeka pakhonde masana, Lamulungu ataweruka kutchalitchi. Anabweretsa jumbo ya mapepala a fodya, onse athunthu, opanda ngakhale limodzi lopserera.

"Mayi a Chikhumbo, bwerani tiwerenge."

Fainala anabwera ndi jumbo yakenso. Anakhala moyang'anana, aliyense ndi mulu wake. Levison ankawerenga mokweza, chala chikutsata mzere, ndipo pamene sanamvetse ankaika chizindikiro kuti akafunse ku ofesi. Fainala anamuonetsanso zake, zimene analowetsa ndi zimene anagulira nsalu, osabisa kanthu. Zimene zinachitika sanaziiwale, ndipo mwina sadzaziiwala. Koma tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, aliyense ankadziwa chimene mnzake amapeza ndi chimene amapereka. M'mawa mwake anakwera minibasi limodzi, ndipo ulendo uno anacheza njira yonse.

Phunziro la nkhaniyi ndi ili. Mwamuna ndi mkazi akakhala ndi ntchito zobweretsa ndalama, akhale pansi n'kukambirana ngati za msonkho aziyendetsa pamodzi kapena aliyense payekha. Njira iliyonse ili ndi ubwino wake ndi mtolo wake. Ngati ntchito ndi imodzi ndipo mwasankha pamodzi, nonse awiri muziona mafomu ndi malisiti. Ngati aliyense ali ndi ntchito yake, kukhala ndi nambala yakeyake kumateteza ntchitoyo ndipo sikuchotsa ulemu wa wina aliyense m'banja. Musanasankhe, pitani nonse ku ofesi ya msonkho mukafunse zimene lamulo likunena pa nthawiyo. Musapereke ndalama kapena mapepala anu kwa adobadoba, ndipo sungani pepala lililonse la zogula ndi zogulitsa. Kufunsa kulibe mtengo. Banja la Fainala linadziwa mochedwa, ndipo linalipira ndi ng'ombe komanso ntchito imene sinabwererenso. Lanu lifunse lero, zinthu zisanafike pamenepo.